Fumbi la Kwathu pa Ndege

Achimwene,

Landirani moni wanga. Kuno ku Namacula tili bwino, chifuwa cha amayi chija chatha.

Ndege ya m'masewera a pakompyuta ija ndamaliza kuipenta. Chithunzi chake chimabwera m'magawo osanjikizana: pansi utoto, pamwamba mazenera ndi litsiro. Pansipo ndinaika maluwa a pa kapulana, chitenje chija cha amayi, gawo la litsiro n'kulichotsa kuti iwale.

Amayi ataiona anati, "Yoyera chonchi, mkulu wako adziwa bwanji kuti yachokera kwathu? Bwezera fumbi."

Ndinalibwezera, n'kulifiiritsa ngati la mumsewu wa ku Chimbonila. Kenako ndinaiulutsa kulowera ku Joni kwanuko, amayi akuonerera pambali panga mpaka inatera. Anandifunsa ngati mwabwera kudzaichingamira.

Chonde muwaimbire foni Lamlungu. Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu.