Alendo Anapeza Zonse Zili Bwino

Lolemba, 4 Novembala

Chaka chachitatu chino ndikuvala yunifomu ya unamwino pa chipatala cha boma popanda malipiro. Akuti ndine wongodzipereka. Dzina lokoma, koma pa golosale salilandira. Lero ndathandiza amayi awiri kuchira, wachiwiriyo ndi magolovesi amene anabwera nawo yekha m'chikwama.

Masana a Mose, ainchaji athu, anatiitana. Akuti Lachinayi kukubwera akuluakulu a ku Lilongwe kudzayendera zipatala za kunyanja kuno. Kumene akapeze kuti zinthu zathina, kumeneko ndiko alembe anamwino atsopano. "Zuleka, nthawi yako yakwana. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Nkhono imeneyi ndaidikira mpaka khosi kuuma. Komabe mtima wagunda, sindinama. Inshallah.

Lachiwiri, 5 Novembala

Takangananso ndi a Omari, amuna anga. Abwera kuchokera ku thandala akununkha usipa, ndi uthenga womwe uja: a Sulaiman a chipatala cholipira cha pamsika akundifunabe, malipiro mwezi ndi mwezi.

"Amake Idi, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Boma lanulo mudzalidikira mpaka imvi."

Ndati sindinaphunzire unamwino kuti ndizithandiza a matumba olemera okha. Amayi oanika nsomba aja azipita kuti? Iwo kuseka. "Nanga mukawalembera mankhwala, amakagula kuti? Si kwa a Sulaiman komweko? Zaulerezo ndi ziti, benchi?"

Zandiwawa chifukwa n'zoona. Ndawasiya akulankhula okha, ndakachapa yunifomu. Pa wailesi panalinso bambo wina wonenepa mawu akuti zaulere zatiwononga Amalawi, aliyense azilipira. Iyeyo akangoyetsemula amakwera ndege. Ndatseka wailesiyo.

Lachitatu, 6 Novembala

Misala yeniyeni lero.

M'mawa a komiti ya chipatala atchetcha udzu, apaka miyala laimu. Zimenezo ndilibe nazo mawu. Koma cha m'ma teni ndangoona makabaza akutsitsa makatoni: LA, amokisilini, madiripi, mabandeji. Ndinatsala pang'ono kululutira, ndimayesa boma latikumbukira. Kani a Mose abwereka kwa a Sulaiman, za tsiku limodzi, kuti mashelefu a ku famase asaoneke mano okhaokha. Matilesi abwereka ku loji. Aitananso atsikana atatu amene anatopa n'kusiya kudzipereka chaka chatha, akuti mawa avale zoyera adzaime nafe pamzere.

Ndinawatsatira mu ofesi. "Bwana, alendowa akubwera kudzaona chimene tikusowa. Akapeza zonse zilipo atipatsa chiyani?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Kwanu mlendo mumamulandira mutavala nsanza? Ukufuna akanene ku Lilongwe kuti Mose walephera kuyendetsa chipatala? Tikawalandira bwino, atikumbukira."

Sista Janet, namwino yekhayo wolembedwa pano, anangondikoka dzanja. "Zisiye mng'ono wanga. Ndi momwe timachitira." Momwe timachitira! Ndapukuta mawindo ndi ukali mpaka limodzi kusweka. A Mose alimata ndi chithunzi cha katemera.

Lachinayi, 7 Novembala

Abwera. Magalimoto akuluakulu, mafuta akusowa dziko lonse koma awo sasowa. Amayi a komiti kuvina, kuyala zitenje pansi. Odwala amene amagona pasimenti tinawasamutsira kuseri, ku shedi ya magadiyani, kuti wodi ioneke yopepuka. Gogo wina wotsegula m'mimba ndinamunyamula ndine.

Mayi wamkulu wa gululo, wa magalasi, analowa ku famase n'kugwedeza mutu mokondwa. Kenako anatiwerenga pamzere. "Anamwino asanu! Ndinu odala. Kumene tachokera kuli mmodzi yekha." A Mose kumwetulira ngati mkwati.

Ndiye anaima pamaso panga. Pamaso panga penipeni. "Zonse zili bwino, a nesi?"

Ndinali nawo mawu, ndinawakonza usiku wonse. Koma a Mose anali pambali pake, a mfumu ali apo, amayi akuimbabe panja, ndipo munthu wamkulu akakufunsa pagulu umayankha chimene tinaphunzitsidwa tili ana. Ndinagwira m'manja, n'kupinda bondo pang'ono. "Zili bwino, mayi."

Zili bwino. Ine Zuleka, pakamwa panga pano.

Fumbi la magalimoto lisanathe, makabaza anali atafika kale kudzatenga makatoni. Bambo wina amene mwana wake tinamupeza ndi malungo anaima pakhomo akuwaona akutuluka. "Mankhwalawo akupita kuti?" Ndinamulembera LA papepala, anatsatira makabazawo kumsika.

Lachisanu, 8 Novembala

Sindinapite kuntchito. Ndawauza kuti mutu. Si mutu.

Lachitatu, 13 Novembala

Kulibe nkhani. Magolovesi kulibe, madiripi kulibe. Miyala yokha ikadali yoyera mbee.

Lachitatu, 20 Novembala

Yankho lafika. A Mose atisonkhanitsa pakhonde, nkhope ikuwala. Akuti chipatala chathu achitchula kuti ndi chachitsanzo m'mbali yonse ya nyanja. Iwowo aitanidwa ku msonkhano ku loji kuti akaphunzitse anzawo kasamalidwe ka mankhwala. Anthu kuwomba m'manja.

Ndinafunsa za anamwino.

Anatsokomola kaye. Akuti ulendo uno malo a ntchito apita ku zipatala za kumtunda, cha ku Chitala uko, kumene kuli mavuto enieni. Kuno akuti anamwino tili nawo okwanira. "Koma ulendo wamawa, Zuleka, dzina lathu likudziwika tsopano."

Wallahi sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinawauza pamaso pa odwala onse kuti ku msonkhanoko akaphunzitse bwino kabwerekedwe ka makatoni, ndipo asaiwale kutchula a Sulaiman. Ndinati mwagulitsa ntchito yanga ndi laimu. A Mose anangoti, "Unafunsidwa iwe mwini. Unayankha chiyani?"

Ndalira njira yonse, anthu a pa mpunga ku Lifuwu akundiyang'ana ngati kwagwa maliro. Ndakwiyira a Mose, ndakwiyira mayi wa magalasi amene sanatsegule ngakhale katoni imodzi kuti aone chidindo cha a Sulaiman, ndakwiyira boma limene limatiphunzitsa ndi ndalama zake kenako n'kutiiwala ngati ambulera ya dzinja latha. Koma woyamba pamzere wa amene ndawakwiyira ndine mwini.

Lachinayi, 21 Novembala

A Omari sananene kuti ndinakuuza. Bola akananena, ndikanapeza wolimbana naye. Angondigulira fanta basi.

Ndakatsanzika kwa Sista Janet. Ndinamupeza ali yekha ndi sikelo ya amayi oyembekezera, mzere mpaka pa mtengo wa mango. Sanadabwe. "Pita mng'ono wanga, ana ako sadya kudzipereka." Kenako anafunsa ngati ndingamusiyire wotchi yanga yowerengera kugunda kwa mtima, yake inafa kalekale. Ndamusiyira.

Lolemba, 25 Novembala

Tsiku loyamba kwa a Sulaiman. Fani ikuzungulira, madzi akutuluka pampopi, chilichonse chimene ndafuna ndachipeza pamalo pake. Ndabaya jakisoni munthu wa loji wina, wandithokoza m'Chingerezi. Ndikanama ndikati sizinandikomere. Lamulo ndi limodzi, a Sulaiman alibwereza kawiri: wodwala ayambe wapita pawindo lolipirira ndalama, kenako kwa ine.

Masana kwalowa mayi wina, thukuta lili kamukamu, mwana kumbuyo. Pawindo sanayang'anepo n'komwe, wangolunjika kwa ine akumasula chitenje. "A nesi, kwa boma andiuza kuti mwasamukira kuno, ndiye ndakutsatirani. Mwanayu pobadwa munamulandira ndinu. Thupi latentha kuyambira dzulo, sakuyamwa."

Manja anga anali atatambasuka kale. A Sulaiman anali chiimire pakhomo la ofesi yawo, akundiyang'ana.

Ndinati, "Muyambe mwapita pawindo, mayi."

Anayang'ana windolo, n'kuyang'ana ine. Anamukweza mwana kumbuyo, n'kumanga chitenje pang'onopang'ono.

"Pepani a nesi. Ndimayesa ndinu omwe aja."