Diso Langa Lamanzere ndi Ukwati wa Tiyanjane

Amayi,

Kodi muli bwanji kumeneko? Pepani kuti ndikukusokonezani pamene mukupumula. Munavutika nane mokwanira muli moyo, koma nkhani iyi ndasowa woiuza.

Kuno ku Kalingalinga tilipo. Mlongo wanga Esinati anabereka mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Denga la chipinda chanu linayamba kudontha, ndasintha malata awiri. Ine ndikuwotchererabe mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu pomwe paja. Nkhani yaikulu ndi yakuti mdzukulu wanu Tiyanjane akukwatiwa, kwatsala milungu isanu ndi umodzi. Mnyamatayo ndi wa ku Kopala, waulemu, amagwira ntchito ya mu ofesi.

Chandilembetsa ndi diso langa lamanzere lija. Mukukumbukira tsiku limene kachitsulo kanathethekera m'menemo ndikudula paipi, Tiyanjane akukwawa? Munakachotsa ndi lilime lanu, n'kudontheza madzi a shuga, n'kundimanga kansalu masiku anayi. Kuchokera pamenepo panatsala chipsera choyera. Munkakonda kuyenda kumanzere kwanga kuti anthu asandigunde, ndipo simunanenepo chifukwa chake. Tsopano lamanja nalo latopa ndi moto wa ntchito. Munthu akaima patali pang'ono, nkhope yake imakhala ngati ili mu utsi.

Lolemba Tiyanjane ananditengera kwa dokotala wa maso m'tauni, mayi wodekha. Atayang'ana anafunsa kuti analisamalira ndani disoli litavulala. Ndinati palibe, ndinangolisiya. Sindikanatchula inu, Amayi. Munachita zimene munkadziwa.

Dokotalayo anati magalasi wamba sangandithandize, chifukwa pamwamba pa disolo pali tokwera ndi totsika ngati lata lopondedwa. Chofunika ndi timagalasi toika pa diso penipenipo, timene amati makontakiti. Anandionetsa mitundu itatu. Poti sukulu ndinalekezera Giredi 7, ndinapempha kuti abwereze katatu, ine n'kumalemba m'kabuku kanga ka miyeso.

Koyamba ndi kakang'ono, kolimba ngati chikhadabo cha khanda. Kamaonetsa bwino, koma fumbi likalowa pansi pake diso limabaya. Ndi fumbi la pamsewu pathu, kameneko tinakasiya pomwepo. Kachiwiri ndi kokulirapo ngati kambale. Umathiramo madzi amchere ogula kufamase, n'kuwerama, n'kukaphimba pa diso. Madzi a pampopi saloledwa kukakhudza, ndipo m'manja musakhale girisi ngakhale pang'ono. Ndinafunsa za sopo, za thaulo, za pokasunga, zonse ndinalemba. Kachitatu ndi kofewa, kojambulidwa ngati diso lenileni, kakuda pakati. Kamabisa choyera chonse, koma ukakavala diso limenelo siliona kanthu.

Anandiyesa kachiwiri kaja. Amayi, ndinaona. Ndinawerenga zilembo za pakhoma mizere inayi, ndi diso limene ndinalilira kalekale. Ndinaona ulusi wa batani pa malaya a dokotala. Nditatembenuka ndinaona nkhope ya mwana wanga bwinobwino, koyamba chikulireni. Ali ndi mpata wa mano ngati wanu, ndipo pamphumi pake pali kamzere kamene sindinkakadziwa. Ndinaseka ngati chitsiru.

Iye sanaseke. Anayang'ana diso langa, n'kufunsa dokotala kuti, "Manje choyera chija chizaonekabe?" Dokotala anati inde. Tiyanjane anagwetsa maso. Kagalasiko kanali kadakali m'diso, choncho manyazi ake ndinawaona onse, palibe chimene chinandiphonya.

M'minibasi pobwerera anandigwira dzanja. "Badadi, musakalipe. Bapongozi banafunsa kale ngati ni matenda ya pabanja. Na vithunzi vikhala mpaka kalekale. Sankhani kaja kobisa, ni siku imozi chabe." Ndinamuyankha kuti ndamva, mwanangu. Ulendo wonse ndinayang'ana pawindo.

Timagalasi tiwirito, koonera ndi kobisa, sitivalika pamodzi. Kalikonse amachita kukayitanitsa kunja kwa dziko potsata muyeso wa diso, ndipo kamatenga mwezi kufika. Mphamvu zanga chaka chino zikukwana kugula kamodzi kokha. Dokotala akufuna yankho Lachisanu, apo ayi ukwati udzafika ndilibe kalikonse.

Munkati mwana sanyoza mbereko yong'ambika imene inamubereka. Ndayesa kumukwiyira ndi mawu amenewo, koma zikukanika. Kusukulu anzake ankamuseka chifukwa cha ine, iye osandiuza. Wandiuza ndi Esinati sabata ino. Mwana ameneyu wanyamula diso langa zaka zonsezi, ndipo sanandipemphepo kanthu kena kokhudza ilo.

Ndikasankha kobisa, ndidzamuperekeza m'tchalitchi ndikuoneka bambo wathunthu, koma iye ndidzamuona ngati chinsalu choyera chikuyenda mu nkhungu. Ndikasankha koonera, ndidzaona chilichonse, ngakhale pamene adzandiimika cham'mbali wojambula akafika. Kabuku kaja ndakawerenga mpaka mapepala afewa. Pa geti sindinalakwitsepo muyeso, koma apa tepi yanga sikugwira ntchito.

Ndiyankheni, Amayi, lisanafike Lachisanu. Bwerani ngakhale kutulo, mungonena mawu amodzi, sindidzafunsa kuti mubwereze. Mukakhala chete ndidzapita ndekha kukasankha kobisa kaja, chifukwa ndikudziwa kale kuti mtima wanga sungamukanize. Ndikulonjeza kuti sindidzamusungira kanthu kukhosi. Ndidzavala suti, ndidzamwetulira, ndipo Esinati adzandinong'oneza mmene mwana wanga akuonekera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yotamu