Kathabwa ka Hatsuko

4 Ogasiti 2008, Kani, Japan

Tsiku lonse kulongedza mpunga m'timabokosi. Miyendo yatupa. Kapitawo wanditonzanso: "Dzina lokha Kinjo, Chijapani ngati cha khanda." Kwathu ku Davao, ku Philippines, tinali ana a Mjapani. Kuno Afilipino basi.

Masana foni yochokera ku bungwe lofufuza achibale. Awapeza ku Okinawa, kummwera kwa Japan. Akuti agogo, bambo a amayi, sanafere kumapiri a kwathu pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ayi. Anabwerera kwawo, anakwatiranso, anamwalira mu 1991.

Ndinangokhala pansi pasimenti, magolovesi ali m'manja.

6 Ogasiti

Amayi sindinawauze. Moyo wawo wonse kuwayatsira kandulo bambo awo kutchalitchi ku Calinan, mwiniwake ali kuno akulima nzimbe. Ndiyambira pati?

Tikiti ya ndege yopita ku Okinawa ndagula. Mwezi uno kumudzi sikupita kanthu.

15 Ogasiti, Okinawa

Andilandira a Nobuko, mwana wa agogo kwa mkazi wachiwiri. Amayi aang'ono, nditero. Chipumi cha amayi, kayendedwe komweko.

Andilowetsa pamene amakumbukira akufa. Lubani, timatabwa ta mayina. Aloza kamodzi n'kuwerenga: Hatsuko. Dzina la amayi! Lomwe analibisa nkhondo itatha, n'kukhala Pacita, poopa kuphedwa ngati mwana wa Mjapani.

Agogo anauzidwa kuti mkazi ndi mwana anafa ndi bomba. Mpaka imfa yawo ankamuikira mwanayo mpunga ndi nthochi. Ana awo anapitiriza. Leronso nthochi inali pomwepo.

Ndi Chijapani changa chothyokachi ndawauza a Nobuko kuti amayi ali moyo, amagulitsa zipatso pamsika. A Nobuko anagwira khoma. "Nanga takhala tikudyetsa ndani?"

Chakudya sichinatsike.

17 Ogasiti

A Nobuko akufuna kuchotsa kathabwako. Akuti wamoyo saikidwa pakati pa akufa, n'kumuitanira tsoka. Koma ati ndiyambe ndafunsa mwini dzina.

Ndawaimbira amayi. Ndanena zonse, osapumira. Ndinkangomva nkhuku ndi wailesi ya oyandikana nawo. Afunsa ngati bambo awo anadwala nthawi yaitali. Afunsa ngati anaikidwa bwino. Kulira ayi.

Za kathabwa ayankha msanga: "Asakachotse. Kamwana kameneko kanafadi m'phiri muja, ndinaliko. Kazidya nthochi zake. Ine ndine Pacita."

Kenako ati ndisachedwe kuntchito, n'kudula foni.

A Nobuko akudikira yankho kukhitchini, atereka tiyi. Mawu a Chijapani oti ndiwafotokozere zimenezi ndilibe. Ngakhale a chilankhulo cha kwathu ndilibe.