Waya Amene Munamanga M'wilo Lakumbuyo

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno ku Kasisi kwazizira, mphepo ikung'amba milomo, koma tilipo tonse. Ndinene kale kuti lero ndili nanu mlandu. Koma ndiyambe ndi zabwino, paja munkati mlendo safunsidwa mlandu asanamwe madzi.

Mlamu wanga Agnesi, mkazi wa achimwene a Yowani, anabereka mwana wamkazi patapita miyezi itatu titakuikani. Tamupatsa dzina lanu, Velenasi, ndipo kukamwa watengera inu ndithu. Chimanga chadzaza nkhokwe yaikulu ija. Nshawa zokha ndiye chiswe chinatidyera. Tomato wa kudimba wabereka bwino, ndipo malo anu a pamsika wa Chongwe ndikukhalapo ine, nditaonetsa kadi yachipani kwa a tcheyamani kawiri konse. Sopo ndi saladi wophikira n'zomwe zija, munthu amaima pamzere kuyambira m'mawa n'kubwera chimanjamanja.

Tsopano nkhani ya galimoto yanu, chigalimoto chokoka ndi mawilo onse anayi chija, chimene Atate anagula kwa mzungu wa pafamu ndipo inu munaphunzira kuyendetsa iwo atamwalira. Mukukumbuka mmene mabuleki ake ankalirira? Tikadandaula munkati, "Galimoto yolira ndiye yamoyo, yachete ili kudzala." Chichokereni inu, kulirako kunakula. Ndikangoponda, agalu a mudzi wonse ankayankha. Tsiku lina pa lodibuloko ya pamsewu waukulu wapolisi anatseka makutu ndi manja n'kundiuza kuti, "Mayo, motoka yanu ilila monga nkhumba yamene bapaya. Mukabwela nayo so futi, izagona pano." Anthu a m'basi imene inaima kumbuyo kwanga anaseka. Ine ndinafika kunyumba ndili ndi manyazi.

Ndinalakwa kufotokozera mwana wanu Yowani. Amayi, munthu ameneyu munamulera bwanji? Chifukwa anagwirapo ntchito miyezi iwiri pamalo othira petulo ku Lusaka, amadziyesa makanika. Anati, "Mlongo wanga, osavutika. Chitsulo chikalila, ninshi chifuna mafuta." Ndinawakaniza. Ndinati tidikire ba Malambo, mkulu uja wokonza mathalakitala a m'mafamu, amene inu munkamukhulupirira. Achimwene anagwedeza mutu ngati amva. Ine nditapita kudimba, iwo anatenga oilo wakuda wotsala m'chigubu, n'kuthira m'mawilo onse anayi, mkati mwenimweni mogwirira mabuleki. Sanandiuze.

M'mawa mwake ndinakweza mabokosi a tomato, achimwene n'kukhala pambali panga. Potuluka pageti ndinaponda pang'ono, zii. Iwo anandiyang'ana akumwetulira, akuti, "Wamva? Palibe chongo." Ndinatsala pang'ono kuwathokoza. Tinafika pamtsetse uja wotsikira kukamtsinje, pamene amayi amachapira. Ndinaponda. Galimoto inangopitirira. Ndinapondanso ndi mphamvu zanga zonse, koma inali kungothamangira kumadzi, ndipo pamiyala panali azimayi atatu, wina ali ndi mwana kumbuyo. Ndinaliza huta, ndinakuwa, ndinakoka handibuleki mpaka dzanja kuwawa, kenako ndinakhotetsera kuchulu cha kumanzere kuja. Tinagunda. Mabokosi anauluka pamwamba pathu. Palibe anavulala, Amayi, kupatula mphuno ya achimwene imene inakumana ndi galasi. Tomato yense anasanduka supu panjira, mbuzi za eni ake n'kuchita phwando. Ine ndinakhala pansi pafumbi. Zimene ndinawauza achimwene pamenepo sindingalembe m'kalata yopita kwa mayi wanga.

Ng'ombe za aneba zinatikokera kunyumba. Ba Malambo anabwera tsiku lachitatu ndi njinga yawo, anakweza galimoto pajeke n'kuyamba kuchotsa mawilo. Mkati mwa wilo lililonse muli chitsulo chonga mbale yakuya, amati dilamu, ndipo mkati mwake muli tizitsulo tiwiri tokhota, mashuu, timene timakanikiza dilamuyo munthu akaponda. Mashuu onse anali atamwa oilo ngati vitumbuwa. Zikopa za pamwamba pake zinali zitathanso kalekale, misomali yake yokha ndiyo inkakanda chitsulo, ndiye kulira kuja. Mkuluyo sanakalipe. Anangoyang'ana achimwene nthawi yaitali, achimwene n'kukumbukira kuti ali ndi ntchito kukhola.

Mlandu wanu unatulukira pa wilo lakumbuyo la kumanzere. Atatsegula, ba Malambo anandiitana kuti ndione. Pamalo pa sipuling'i yokoka mashuu panali waya wa mpanda wa nkhuku, wopindidwa kanayi. Pakachitsulo kotulutsa mafuta a mabuleki, kamene kanali kudontha, panali pomangidwa kansalu. Ndinakazindikira, Amayi. N'chitenje chanu chobiriwira chija cha mbalame, ndipo mfundo yake ndi ija munkamangira matumba a nshawa, imene palibe wina amaidziwa pakhomo pano.

Ndinafunsa ba Malambo ngati ankadziwa. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Bamai banu banabwela kwa ine chaka chatha. Ninabauza ati motoka iime mpaka tipeze vitsulo. Banakana, ati tomato siyembekeza munthu. Banabweleka chabe jeke na sipanala, banati nisauze bana."

Chaka chathunthu wayayo ali m'wilomo, Amayi! Munkatsika mtsetse umene uja ndi adzukulu anu kumbuyo, mukudalira waya wa nkhuku. Munanyamula kwaya yonse kupita nayo kumaliro ku Chongwe. Ine ndinayenda nayo miyezi isanu ndi itatu osadziwa kanthu. Mukanakhala pafupi ndikanakukalipirani pamaso pa anthu, ngakhale mukanandiponyera chikho.

Kupeza zitsulozo kunali ntchito ina. Masiku atatu ndinazungulira masitolo a ku Lusaka mashuu akale ali m'thumba. Paliponse yankho linali limodzi: "Kulibe, mayo, vinthu sivibwela." Wina anafuna kundigulitsa za galimoto yaing'ono, akuti ndikazisula pang'ono zikwana. Pomaliza ndinapeza mdala wina kuseri kwa msika amene amadula zikopa zatsopano za mabuleki n'kuzikhomera pa mashuu akale. Sipuling'i ndi timphira toletsa kudontha ba Malambo anakazichotsa pa galimoto yakufa imene nkhuku zimaikiramo mazira pafamu ina.

Tsiku lomanga ndinati manja anga akhalepo, kuti pasadzapezekenso wondinamiza. Madilamu onse anayi ndinatsuka ndekha ndi petulo, n'kuwapala ndi sandipepa mpaka zala kusupuka. Ba Malambo anandionetsa kusula m'mphepete mwa mashuu kuti asalire, ndi pokhwimitsira akayamba kutha. Kenako ndinakhala pampando kupopa buleki kuti mpweya utuluke m'mapaipi, iwo ali pansi pa galimoto akukuwa, "Pompani! Gwilani! Lekani!" Wilo ndi wilo, mpaka mwendo unachita dzanzi. Achimwene anabwera kudzapereka nzeru, Agnesi n'kuwapatsa mwana kuti anyamule. Dzulo ndinakaiyesa pamtsetse uja, yopanda katundu, kenako ndi matumba a chimanga. Ikuima pamene ndafuna, mwakachetechete. Makiyi ndikugona nawo.

Koma mkwiyo sunathe, ndipo ndadziwa chifukwa chake. Si waya yekha ayi. Pamene tinakutengerani kuchipatala, adokotala anandifunsa kuti, "Amayiwa akhala akudwala nthawi yaitali chonchi, munali kuti?" Munkamanga m'mimba ndi nsalu n'kupita kudimba, tikafunsa mumvekere ndi nyemba za dzulo. Ine ndakhala ndikudziimba mlandu kuti sindinaone. Tsopano ndaona kuti munali katswiri wobisa, ndipo munkati mukutichitira chifundo. Sichinali chifundo, Amayi. Tikanalola tomato awole munda wonse, inu mukhalepo.

Ndiye ndikuuzeni chimene sindinauze aliyense. Pansi pa bere langa lakumanja pali kotupa, kolimba ngati nshawa, kuyambira nthawi yokolola. Nanenso ndakhala ndikunena kuti ndidzapita tomato akatha. Mwana wa Velenasi ndithu. Lero madzulo ndimuuza Agnesi, ndipo Lolemba m'mawa tipita limodzi kuchipatala ku Lusaka, msika utsale. Achimwene athirira kudimba, madzi okha ndiwo ndingawakhulupirire nawo.

Mupereke moni kwa Atate. Muwauze zimene munachita ndi galimoto yawo, musadikire kuti ndidzawauze ine. Ndimakukondani ngakhale mwandikwiyitsa chotere, ndipo Lolemba ndipitadi, ndalonjeza.

Ndine mwana wanu,
Esinati