Bambo Anagona Chafufumimba

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno tilipo. Amayi mawondo akuwavutabe, koma ayambanso kupita okha kumsika. Ine ntchito ya kulaibulale ikuyenda. Amene sali bwino ndi mlongo wanu Mzime, ndipo chifukwa chake ndinu.

Ndasankha kulemba m'malo moimba chifukwa pa foni mumandidula mawu. Pepala simungalidule.

Monga mukudziwa, bungwe la madokotala a matenda a m'mapapo linasankha kafukufuku wa Mzime, n'kumupatsa sikolashipu yoti akapitirize maphunziro a kasamalidwe ka odwala mwakayakaya. Tsiku limene anabwera ndi nkhaniyi, amayi anavina m'khitchini ndi mawondo awo omwewo. Iye analowa kuchipinda kukakuimbirani, akuthamanga ngati kamwana. Potuluka anali atasukusula kumaso, ndipo anangoyamba kutsuka mbale zotsuka kale.

Ndinamupanikiza mpaka anandiuza. Akuti munamufunsa ngati sakuchita manyazi kuomberedwa m'manja chifukwa cha njira imene inapha bambo. Akuti munanenanso kuti akapita, apite podziwa kuti alibe mlongo. Tsopano wauza mkulu wa wodi yawo kuti mwayiwo aupereke kwa wina. Mkuluyo wakana kumva, wati akaganizenso mpaka kutha kwa mwezi uno. Ukatha mwezi, malowo apita.

Achimwene, ine kafukufukuyo ndamuwerenga yense, dikishonale ili pambali. Inu mwawerenga chiyani? Mwamva kwa azakhali. Paja akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Zimene azakhali anaona sindikuzikana. Anaima pa chitseko chagalasi cha chipinda cha odwala mwakayakaya, n'kuona mlongo wawo atagona chafufumimba, mutu utapendekera kumbali, mkono umodzi uli m'mwamba ngati munthu wosambira, nkhope itatupa. Anathamanga m'khonde lonse akukuwa kuti amuponya ngati thumba la simenti, ndiponso kuti mwana wake yemwe akuphunzirira udokotala pamsana pa bambo ake. Maso awo anaona zoona. Pakamwa ndi pamene panalakwa.

Nkhani yake ndi iyi. Mbali yaikulu ya mapapo ili chakumsana. Munthu amene mapapo ake adzaza madzi akagona chagada, mtima ndi madziwo zimapsinja mbali imeneyo, ndiye mpweya umasowa polowa. Mukamutembenuza, kumsanako kumatseguka. Njirayi sanaiyambitse Mzime, inalipo kale. Iye anafufuza mmene angaichitire m'wodi imene anamwino ndi ochepa: kuphunzitsa odwala amene akadali maso kudzitembenuza okha, ndi poika mapilo kuti chifuwa ndi chiuno zisapweteke.

Tsiku limene anatembenuza bambo, ine ndinalipo. Anandiveka chotchinga pakamwa ndi mkanjo wa kuchipatala, n'kundiimika pakona. Bambo anali ndi chigoba cha okosijeni kumaso, milomo itada, akulephera kumaliza ngakhale liwu limodzi. Pachala anali ndi kachipangizo koyeza mpweya m'magazi. Anamwino anawauza zimene akufuna kuchita, bambo anavomera ndi mutu. Atawatembenuza, ndinaona ndi maso anga nambala ya pa kanema ikukwera pang'onopang'ono.

Dzuwa lisanachoke pawindo, bambo anali atayamba nthabwala. Anauza namwino wamkulu kuti moyo wawo wonse wa umakaniko agona chagada pansi pa magalimoto a anthu, ndiye kunali koyenera kuti msana nawo upite patchuthi. Namwinoyo anawaopseza kuti akapitiriza kuwononga okosijeni ndi nkhani zachabe, awatumizira bilu. Bambo anati atumize kwa mwana wawo wamwamuna, ndiye wolemera.

Dziwaninso ichi, popeza azakhali sanakuuzeni. Mzime sanakhudze bambo ngati dokotala ngakhale kamodzi. Lamulo la chipatala sililola munthu kuchiza kholo lake. Tsiku limene bambo anagonekedwa, mkulu wa wodi anamusamutsira ku wodi ina. Ankabwera nthawi yoona odwala ngati tonsefe, atavula jekete lake loyera n'kulipinda pamwendo, n'kukhala pabenchi limodzi ndi azakhali amene ankamutembenukira msana. Kafukufuku wake anali atatsekedwa kale bambo asanadwale n'komwe. Mwa odwala amene anawawerengera, bambo mulibe.

Sindikunena kuti kugona chafufumimba n'chozizwitsa. Mzime mwiniwake analemba kuti ena anamwalirabe, ndipo sanabise kuchuluka kwawo. Njirayi sichiza mapapo, imangopatsa munthu mpweya pamene mankhwala akulimbana ndi matenda. Mapapo a bambo anali atatha kale ndi utsi wa mugalaja, penti ndi fodya uja ankabisa m'bokosi la masipanala. Chibayo chinangopeza khomo lotsegula. Ngati mukufuna woimba mlandu, yambirani pamenepo.

Chimene chikundipsetsa mtima n'chakuti mwana wanu akangotentha thupi, foni yoyamba mumaimbira Mzime. Pamenepo ndi dokotala wathu, nzeru za pabanja. Anzanu onse akudziwa kuti muli ndi mlongo dokotala. Koma pa nkhani imene waithera zaka, mwasankha kumvera munthu amene anaionera pagalasi. Simunafunse Mzime. Simunafunse ine amene ndinali m'chipindamo. Amayi nawo simunawafunse, chonsecho iwo ndi amene ataya mwamuna.

Tsopano ndikukumbutseni chinthu chimodzi. Pamaliro munaimirira n'kuuza anthu kuti mukuthokoza Mulungu chifukwa munacheza ndi bambo pa foni nthawi yaitali asanatisiye. Munafotokoza mmene anakusekerani dazi, mmene anakuletserani kugulitsa bokosi lawo la zipangizo, ndi mmene anakuuzirani kuti musamalire alongo anu, makamaka wamakaniyu. Sindikudziwa ngati wamakaniyo ndine kapena Mzime. Anthu analira, inunso munalira.

Foniyo ndinaigwira ndine. Ndinaiika papilo, pafupi ndi pakamwa pawo, chifukwa bambo anali chafufumimba. Munadandaula kuti mawu akumveka ngati akuchokera m'bulangete. Inali pilo imeneyo. Ndipo mukukumbukira kuti dzulo lake munaimbanso, ali chagada. Munamva chiyani? Kupuma kokha. Dzina lanu analiyamba, osalimaliza.

Choncho mawu amene mukuwasunga mumtima, amene mumawabwereza kwa ana anu, anatuluka ndi mpweya umene njira ija inawapatsa. Simungasunge mawuwo n'kutukwana mpweyawo. Sankhani chimodzi.

Pempho langa ndi lalifupi. Muimbireni Mzime mwezi usanathe. Musatume ine, musatume alamu, musalembe kauthenga ka mizere iwiri. Mumuuze ndi pakamwa panu kuti munalakwitsa, ndipo apite kusukuluko.

Ine ndayesa mbali yanga. Ndamuyalira mfundo zonsezi, iye n'kundiyankha kuti akuzidziwa kuposa ine, zimene zili zoona. Ndatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu, iye waibwezera. Nditamufunsa chifukwa chake dokotala wathunthu akugonja ndi mawu a munthu amene sadziwa ngakhale kumene kuli mapapo, anati pa foni mawu anu amamveka ngati a bambo, ndipo tsiku lija sanamve inu, anamva bambo.

Mawu amenewo munawalandira osawagwirira ntchito, achimwene, monga munalandirira dazi. Agwiritseni bwino.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Wamng'onoyo ngati akutsokomolabe, mupite naye kuchipatala, popeza dokotala wanu wa ulere sakuyankha mafoni masiku ano. Amayi akupereka moni, ndipo akuti akudikira kuvinanso. Mulungu akusungeni, akufewetseninso mtima mwezi usanathe.

Ndine mlongo wanu,
Wamakani uja, ngati ndine