Mtima wa Ambuye Sewin Uli ndi Ine

Kunyumba ya amonke, Flanders
Sabata yachiwiri ya Lenti

Okondedwa amayi,

Kaya mwadzuka bwanji kumeneko ku Holme? Chifuwa chija chinakusiyani, kapena chisanu cha chaka chino chachidzutsanso? Ine moyo ulipo, kungoti nsomba zamchere za amonke kuno zandikwana. Bambo Alured, inu amene muwawerengere amayi kalatayi, chonde musadumphe mawu. Palibe chachilendo kwa inu muno.

Amayi, Ambuye Bishopu Sewin atisiya. Anamwalira Lachinayi masana atadwala m'mimba milungu itatu. Munthu amene ankadinda makalata a mfumu, woyenda ndi akavalo makumi anayi, wafera pa udzu m'nyumba ya eni. Chikanganirane ndi mfumu pa nkhani ya minda ya tchalitchi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, dziko lathu la England sanalionenso.

Mfumu yatumiza mawu akuti mtembo wawo usalowe m'dziko lake. Amonke a kutchalitchi chachikulu, omwe aja ankalimbirana kupsompsona mphete yawo, akuti nawonso alibe malo. Choncho thupi taika konkuno. Koma tisanaike, mmonke wina wodziwa mpeni anachotsa mtima, monga amachitira ndi akuluakulu, nautsuka ndi vinyo, nauthira mchere, n'kuutsekera m'kabokosi ka mtovu. Wogwira mbale ndinali ine. Sindinalire, ndinangotuluka kukasanza kuseri.

Kutatsala tsiku limodzi kuti amwalire anandiitana. Anati mtima wawo upite ku Holme, kumanda a katchalitchi kathu kumene anayambira unsembe, ukakwiriridwe pamalo pamene adzagone Edeva. Dzina lanu analitchula momveka, amonke atatu ali pomwepo. Mumtima ndinati lero ndi lero. Ndinawafunsa kuti nanga ine ndine ndani wawo. Anatembenukira kwa amonkewo n'kuwauza kuti andisamalire, ndine mwana wa mlongo wawo. Mlongo wake uti, munthu anabadwa yekha? Imfa ili pakhosi, iwo n'kumaopabe kuti anthu adziwa zoti bishopu anali ndi mkazi ndi ana. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuwatchula amalume, ndikuwalembera makalata, ndikuwavula nsapato. Zinandiwawa, amayi, ndipo zikundiwawabe.

Sindinaiwale tsiku limene anakusiyani. Lamulo linati wansembe wokhala ndi mkazi ndodo ya ubishopu sangaigwire, iwo anasankha ndodo. Munawachapira malaya, munawakulungira buledi wa paulendo, ndipo muli pakhomo munawauza kuti apite, koma asadzabwerenso kwa inu, amoyo kapena akufa. Pofuna kudzanditenga kuti ndikaphunzire kulemba, anatuma munthu, okha anaopa kufika.

Pempho langa ndi limodzi. Ordgar, wamalonda amene amabweretsa ubweya wa nkhosa kuno, walola kubisa kabokosika m'mitolo ya nsalu pobwerera Pasaka ikatha. Asilikali a padoko akakapeza, iye ndi ine tikaolera m'ndende. Sindingamuike mnzanga pamoto inu musanalole. Ndiyankheni kudzera mwa amene wabweretsa kalatayi.

Mukati ayi, ndikakwirira pamene pali thupi ndipo sindidzakudandaulani. Mandawo ndi anu, mudzagonamo ndinu mpaka tsiku lachiweruzo. Ndikudziwa kuti mlongo wanga Gunilda anena kuti ndapenga, munthu anatitaya ngati sanza. Sakunama. Amati chibale n'fupa, sichiola; ine ndayesetsa kuti chiole, chakana. Kabokosika kali pansi pa chofunda changa, ndipo ndikakanyamula ndimadabwa kuti zonse zimene zinatisautsa zija n'zopepuka chonchi.

Mukalola, sindifuna belu kapena nyimbo. Ndidzakumba ndekha. Ndikungofuna kuti pokwirira ndidzanene kuti gonani bwino bambo, kamodzi kokha, anthu akumva.

Mundiperekere moni kwa Gunilda ndi alamu anga, kwa ana awo, ndiponso kwa amalume anga enieni, a Ulf. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane. Bambo Alured, dzina lili m'munsili muliwerenge lonse.

Ine mwana wanu,
Ketel, mwana wa Sewin