Rimoti ya galimoto ya alamu anga yafa, ukwati uli Loweruka

Aphungu,

Ndine bambo wa ana atatu, mkamwini kuno kwa Mkhumba, ndipo madzi andifika m'khosi chifukwa cha kanthu kochepa ngati bokosi la machesi.

Alamu anga a Fraser, achimwene ake a mkazi wanga Zelifa, amagwira ntchito ku Joni. Atabwera chaka chatha anagula galimoto n'kuisiya m'manja mwanga, poti pamudzi pano wa laisensi ndine ndekha. Ndi galimoto zamasiku ano zija zosapotokola kiyi: umadina rimoti zitseko n'kutseguka, ukalowa umadina batani injini n'kulira. Sindibisa, inandikweza. Anthu amene kale ankangoti "mwamuna wa Zelifa uja" lero amati "adalaivala", ndipo pamaliro amandipatsa mpando.

Rimotiyo inayamba ulesi pang'onopang'ono. Kale ndinkadina ndili pakhonde, galimoto n'kuphethira magetsi ana n'kumakuwa. Kenako ndinkachita kuyandikira, kenako kuchita kuigunditsa pagalasi. Sabata yatha inangoti zii. Pano galimoto yangokhala pansi pa mtengo wa mango, yokhomeka, nkhuku zikusamba fumbi kunsi kwake.

Nzeru zanga ndayesa zonse. Paja mabatire a wailesi akatha timawayanika padzuwa n'kudzukako, ndiye rimotiyo nayo ndinaiyanika padenga la malata tsiku lathunthu. Inatentha ngati mbatata yootcha, koma kudzuka ayi. Ndaimenya pachikhatho, ndaiuzira mpweya, ndaidina nditaigunditsa pachibwano monga anandiuzira mnzanga wina. Palibe chachitika. Ndinakafunsa Sitima, wokonza njinga zamoto pa Chiringa, ndipo anandiyankha kuti, "Zazing'ono zimenezo, bwana. Tiswa kagalasi kakumbuyoko, ndilumikiza timawaya tiwiri, muziyenda."

Chikundidetsa nkhawa kwenikweni ndi ichi. Loweruka likubwerali mng'ono wake wa Zelifa, dzina lake Ida, akumanga ukwati woyera pa Chiringa. Pamsonkhano wa komiti ya ukwatiwo ndinaimirira ndekha, popanda wondikakamiza, n'kunena kuti, "Za galimoto ya mkwatibwi fufutani, imeneyo ndi mbali yanga." Anandiombera m'manja, amayi mpaka nthungululu. Ida wagula kale maliboni ndi mabaluni, ndipo akamadutsa amaipukuta galimotoyo ndi nsonga ya chitenje. Mtima wanga umapweteka ndikamuona.

Rimoti yachiwiri ilipo, koma ili ndi apongozi anga, mayi ake a Zelifa. A Fraser anawasungitsa ndipo imakhala kuchipinda kwawo. Inu mwambo mukuudziwa, ine ndi apongozi sitiyang'anana. Tikakumana panjira wina amapatuka, moni timapatsana wina ali kuseri kwa nyumba. Chinanso, tsiku lomwe galimoto inkasiyidwa ndinawamva ndi makutu angawa akuuza a Fraser kuti, "Chuma chonsechi mwasiyira mkamwini? Chabwino, tiona." Mawu oti "tiona" amenewo amandiyabwa mpaka lero. Zelifa naye sakudziwa kanthu. Akafunsa chifukwa chake galimoto sikuyenda, ndimati ndikusunga mafuta a ukwati.

Aphungu, ndimulole Sitima aswe galasi mwakachetechete? Kapena ndidwale mutu Lachisanu, ndikagone kwathu kwa Kaduya mpaka ukwati udutse?

N. M., Mkhumba, Phalombe


Adalaivala,

Kalata yanu yandiseketsa, koma mtima pansi, vutoli likhoza kutha lero lomwe. Sitima mukamupatse moni wanga, koma galimotoyo asaikhudze. Galimoto zodina batani sizilira ndi timawaya tiwiri ayi. Mudzatsala ndi galasi losweka, mawaya oduka, Sitima ali pa njinga ulendo wa kwawo.

Mmene mwafotokozeramu, kuti inkafooka pang'onopang'ono, wodwala ndi kabatire ka m'kati mwa rimoti. Kamatha ngati sopo, ndipo si mlandu wa munthu.

Yambani ndi kutsegula chitseko. Tembenuzani rimotiyo muiyang'ane bwino. M'mbali kapena kumbuyo kwake kuli kabatani kakang'ono kokankha ndi chikhadabo. Mukakakankha n'kukoka, mutuluka kiyi wachitsulo amene mwakhala mukuyenda naye m'thumba osadziwa. Bowo lake lili pachitseko cha dalaivala, ndipo pa galimoto zina limabisika ndi kachivindikiro pa chogwirira. Mukatsegula, belu la galimoto loopseza akuba likhoza kukuwa mudzi wonse n'kumva, ndiye ngati mumati muchite mozemba, iwalani.

Mukalowa pondani buleki, gunditsani rimotiyo pa batani lolizira injini, kenako dinani. Galimoto zambiri zimaizindikira ikafika pafupi chotero ngakhale batire lake litafooka. Ikalira, musavine kaye, ntchito ikadalipo.

Pomwe mwasolola kiyi paja pali kampata. Pisanipo nsonga ya kiyiyo kapena kandalama kachitsulo, mupotoze pang'ono, rimoti ikanuka pawiri. Musaikanule ngati mukuswa chinangwa, m'katimo muli tizinthu tosachedwa kuthyoka. Mupezamo kabatire kozungulira, kaphanthiphanthi. Onetsetsani mbali yomwe kagonera, kapena kajambuleni pafoni musanakachotse. Pamwamba pake palembedwa nambala. Kawirikawiri imakhala CR2032, koma khulupirirani maso anu, osati ine. Katengeni mupite nako kwa okonza mawotchi ndi mafoni pa Migowi kapena pa boma, mukagule ka nambala yomweyo, kosatsegula m'pepala lake. Tizitsulo togwira batire tipukuteni ndi thonje lonyowetsa pang'ono ndi sipiriti, tiume, kenako ikani katsopanoko, mbali yolembedwa + iloze komwe kakale kanaloza.

Za padenga zija mulekeretu. Dzuwa silidzaza batire lotere, limangowotcha zam'kati. Ndipo poti ndikudziwa kuti nzeru yotsatira ikanakhala kuluma batire ndi mano, nayonso ayi. Kakaleko mukakataye m'chimbudzi chokumba. Mwana akameza kameneko ndi ngozi yoopsa, mumathamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti mwina katuluka.

Kumbukiraninso kuti galimotoyo yakhalitsa osalira, batire lake lalikulu likhoza kukhala kuti nalo lagona. Mukalowa imbani hutala, yatsani magetsi. Hutala ikalira ngati mbuzi yodwala, pezani wa galimoto ina adzakujampitseni polumikiza batire lake ndi lanulo, kenako muyende nayo kamtunda ndithu.

Tsopano tibwere kuchipinda kwa apongozi. Rimoti yawoyo ndiye dokotala weniweni. Ikatsegula galimoto, mwadziwa kuti vuto lili mu yanu yokha. Ndipo ngati dzuwa la padenga lija linaipsereza yanuyo, moti batire latsopano silithandiza, kukonza kwake n'kwa amisiri a zamagetsi a galimoto ku Blantyre, zomwe sindikuona zikutheka Loweruka lisanafike. Pamenepo Ida adzakwera galimoto chifukwa cha rimoti ya mayi ake, palibenso njira ina.

Mwambo musaunamizire, bambo. Unakuletsani kuyang'anana ndi apongozi, sunakuletseni kupempha. Nanga nkhani zonse za pakhomopo zaka zonsezi zimadutsa kuti, si mwa Zelifa? Chikukumangani miyendo ndi "tiona" uja. Koma taganizani bwino: apongozi akamva kuti kabatire katha, aona chiyani? Palibe. Akamva kuti mwaswa galasi la mwana wawo mwakabisira, pamenepo ndiye aonadi, ndipo a Fraser ku Joni amva dzuwa lisanalowe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Muuzeni Zelifa lero, bodza la mafuta lija mulipepese. Akalipa pang'ono, mwina akusekani kwambiri, kenako apita kwa mayi ake. Pogula timabatire mugule tiwiri, kena mukaike mu rimoti ya apongozi, poti nayo yakhalitsa. Mukaibweza ili ndi mphamvu, adzati mkamwiniyu ngosamala.

Za kudwala mutu Lachisanu sindiyankha n'komwe, chifukwa kwa Kaduya si kutali, akakupezani.

Chenjezo langa ndi limodzi. Likamalowa dzuwa Lachinayi galimoto isanalire, pitani kwa wapampando wa komiti mukanene poyera, apeze ina nthawi ikadalipo. Adzakunenani, inde, ndipo manyazi amenewo adzatha mpunga wa paukwati usanathe. Koma Ida asadzamve nkhaniyi Loweruka m'mawa atavala kale velo, maluwa ali m'manja, akuyang'ana kumsewu. Inu mudzayendetsanso galimoto masiku ambiri. Iye tsiku lake ndi limeneli basi.

Aphungu